Mfuti imodzi, malaisensi awiri: Mpata womwe New Zealand inatseka mochedwa

Ngati mumasewera PUBG kapena Call of Duty pafoni, mayina awa si achilendo kwa inu: M416, M4, AKM. Mumadziwa mfuti yomwe imagwedeza dzanja mukamawombera, yomwe imafuna magazini yaitali, ndi yomwe aliyense amaithamangira akangotera. Ana ena a kusekondale amadziwa mayina a mfuti kuposa mayina a maboma a m'chigawo chakumpoto. Ine sindikudandaula nazo, masewera ndi masewera. Koma pali funso lomwe foni sikufunsani: kodi munthu wamba, yemwe si msilikali kapena wapolisi, angalowe m'sitolo, kutulutsa ndalama, n'kutuluka ndi mfuti yonga imeneyo?

Yankho n'lakuti zimatengera dziko. Ndipo m'dziko momwemo zimatengeranso dzina lomwe lamulo laipatsa mfutiyo. Nkhani ya dzinayi imaoneka ngati ya maloya okhaokha, koma ku New Zealand inathera pa maliro a anthu 51. N'chifukwa chake ndasankha kukamba za dziko limenelo, kusiya America yomwe tonse timaidziwa kale ndi nkhani za mfuti.

Tiyambe ndi mfuti yeniyeniyo

Mawu akuti carbine ndi akale. Ankatanthauza mfuti yaifupi ya asilikali okwera pamahatchi, poti mfuti yaitali inkavuta kuigwira uli pamsana pa nyama yothamanga. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, America inapanga M1 carbine, mfuti yopepuka yoti azinyamula madalaivala, ophika, a mawailesi ndi ena omwe sanali kutsogolo kwenikweni kwa nkhondo. Anapanga zoposa 6 miliyoni, ndipo nkhondo itatha zambiri zinagulitsidwa kwa anthu wamba. M4 yomwe mumaidziwa m'masewera ndi carbine ya masiku ano. Ndi mng'ono wake wa M16, ndipo zonsezi zinachokera ku AR-15 yomwe Eugene Stoner anakonza ku kampani ya ArmaLite m'zaka za m'ma 1950. Zilembo za AR zikuimira dzina la kampaniyo basi.

Tsopano apa mvetsetsani, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mfuti ya msilikali imatha kulavula zipolopolo motsatizana ukangokoka trigger, kachitsulo kowombera kaja, n'kugwiririra. Imeneyo amati automatic, ndipo pafupifupi dziko lililonse limaletsa anthu wamba kukhala nayo kapena limaika malire okhwima zedi. Ngakhale ku America, kuyambira mu 1986 munthu wamba saloledwa kugula automatic yopangidwa chatsopano. Yomwe imagulitsidwa m'masitolo ndi m'bale wake, semi-automatic. Imeneyi ukakoka kamodzi imatulutsa chipolopolo chimodzi, kenako imadzilowetsera yokha china, kudikira chala chako. Palibe zokoka chitsulo n'kubwezera ngati mfuti za alenje akale, ndipo ili kutalitali ndi gogodela ya agogo yomwe ankachita kuthira onga n'kusinja. Liwiro lake ndi liwiro la chala cha munthu, ndipo chala chimathamanga.

Okonda mfuti amati semi-automatic si mfuti yankhondo, poti palibe gulu la asilikali lomwe limapita kunkhondo ndi mfuti ya m'sitolo. Otsutsa amati kusiyanako n'kochepa kwa munthu yemwe akuthawa m'kalasi kapena mumzikiti. Opanga malamulo amakhala pakati, ndipo ayenera kulemba chiganizo chimodzi chosiyanitsa mfuti ya mlenje ndi mfuti yophera anthu. Yesani kulemba chiganizo chimenecho nokha, muona kuti n'chovuta.

Aramoana, 1990

New Zealand ndi dziko la alimi ndi alenje. Lili ndi anthu pafupifupi 5 miliyoni, ndipo mu 2019 anthu pafupifupi 250,000 anali ndi malaisensi a mfuti. Chifukwa chake n'chomveka. Azungu anabweretsako agwape, nkhumba, mbuzi, akalulu ndi tinyama totchedwa possum, ndipo poti kulibe zilombo zozidya, zinaswana mpaka kukhala mliri wowononga nkhalango ndi msipu. Kwa mlimi wa kumeneko mfuti ili ngati chikwanje kwa ife. Apolisi awo sayenda ndi mfuti m'chiuno tsiku ndi tsiku. Mu 1983 boma linasiya kulemba m'kaundula mfuti wamba imodziimodzi, n'kunena kuti bola kumuunika munthuyo. Ukapezeka kuti ndiwe wabwinobwino, unkalandira laisensi ya moyo wonse, n'kumagula mfuti mmene ungathere.

Pa 13 Novembala 1990, m'kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja kotchedwa Aramoana, pafupi ndi mzinda wa Dunedin, David Gray anakangana ndi mnansi wake, n'kulowa m'nyumba kukatenga mfuti. Anapha anthu 13, kuphatikizapo ana ndi wapolisi wa m'deralo, Sergeant Stewart Guthrie. Apolisi anamuwombera tsiku lotsatira. Gray anali ndi laisensi. Imodzi mwa mfuti zake inali semi-automatic ya ku China yopangidwa motengera AK-47.

Dziko linagwedezeka, ndipo mu 1992 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo. Laisensi ya moyo wonse inatha, n'kubwera ya zaka 10. Koma chachikulu chinali gulu latsopano la mfuti lomwe analitcha military-style semi-automatic, mwachidule MSSA, kutanthauza semi-automatic ya maonekedwe a chisilikali. Kuti ukhale ndi MSSA, laisensi wamba, yomwe ankati ya gulu A, sinkakwana. Unkafunika chilolezo china chapamwamba, cha gulu E. Apolisi ankakuunikanso kachiwiri, ankafuna malo osungira olimba kwambiri, unkapempha chilolezo pa mfuti iliyonse yomwe ukufuna kugula, ndipo mfutiyo inkalembedwa m'kaundula ndi nambala yake. Zili ngati za pamsewu: laisensi ya galimoto yaing'ono sikulola kuyendetsa thiraki ya matayala 18.

Mpaka apa zikumveka zanzeru. Vuto linali pa chiganizo chija. Kodi MSSA ndi chiyani? Lamulo linati ndi semi-automatic yomwe ili ndi chimodzi mwa zinthu izi: thako lopindika kapena lotha kufupikitsidwa, pomangirira mpeni wa kunsonga, kachitsulo kobisa moto kukamwa kwa mpope, chigwiriro choima pachokha chonga cha pisitolo, kapena magazini yolowa zipolopolo zoposa 7. Kwa timfuti ting'onoting'ono ta .22 malire anali 15.

Werenganinso mndandandawo. Zinayi mwa zisanuzo ndi zovala chabe. Ndi liti munamva kuti wachiwembu wapha anthu ambiri chifukwa mfuti yake inali ndi pomangirira mpeni? Lamulo linayang'ana chigoba, osayang'ana yemwe wavala. Ndiye amalonda anachita zomwe wamalonda aliyense angachite. Anachotsa pomangirira mpeni, anachotsa kobisa moto, analumikiza chigwiriro ndi thako kuti chisakhale "choima pachokha", anaika magazini ya zipolopolo 7, basi mfuti yomweyo yasanduka ya gulu A. Mkati mwake osasintha kanthu. Chipolopolo chomwecho, liwiro lomwelo. Apolisi ndi eni mfuti anafika mpaka kukhoti kukakangana kuti chigwiriro chonga cha pisitolo n'chotani kwenikweni, ndipo mu 2010 apolisi anagonja pa mlandu wina wotere. Tangoganizani, oweruza ophunzira bwino atakhala pansi kukambirana za pogwira, pomwe chakupha chili kwina.

Ku America kunachitikanso zofanana. Mu 1994, Bill Clinton ali pulezidenti, anakhazikitsa lamulo loletsa zomwe ankati assault weapons. Linatchula mayina a mfuti zina, kenako n'kunena kuti semi-automatic ya magazini yochotseka yomwe ili ndi ziwiri mwa zizindikiro zachisilikali ndi yoletsedwa. Makampani anachotsa zizindikirozo n'kupitiriza kugulitsa. Chomwe lamulo la America linachita bwino n'chakuti linaletsanso magazini zatsopano zoposa zipolopolo 10, koma lamulolo linali la zaka 10 zokha, ndipo mu 2004 linafa lokha aphungu osalikonzanso. Lero amalonda a kumeneko amazitcha mfutizi modern sporting rifle, ngati kuti ndi mpira wa tenesi. Malinga ndi lamulo la boma lalikulu, wa zaka 18 akhoza kugula mfuti yaitali m'sitolo, pomwe pisitolo ndi mowa amayembekeza mpaka 21. Mnyamata yemwe anapha ana 19 ndi aphunzitsi awiri ku Uvalde, Texas, mu Meyi 2022 anagula mfuti zake patangopita masiku ochepa atakwanitsa zaka 18.

Maiko ena awiri anasankha njira yachidule. Ku Britain, mu Ogasiti 1987, Michael Ryan anapha anthu 16 m'tauni ya Hungerford. Mwa mfuti zake, zomwe zonse zinali ndi laisensi, munali M1 carbine ija. Chaka chotsatira aphungu sanavutike ndi zigwiriro. Analetsa mfuti zazitali za semi-automatic zonse kupatula ting'onoting'ono ta .22 ndi mfuti za mbalame. Ku Australia, anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur mu Epulo 1996, nduna yaikulu John Howard anachita chimodzimodzi, ndipo boma linagula mfuti pafupifupi 650,000 kwa eni ake n'kuziphwanya.

New Zealand inaona zonsezi, ndipo si kuti kunalibe owachenjeza. Mu 1997 woweruza wopuma, Sir Thomas Thorp, yemwe boma lomwelo linamutuma kuunika malamulo a mfuti, analangiza kuti MSSA ziletsedwe, boma lizigule, ndipo mfuti zonse zilembedwe m'kaundula. Lipotilo linakagona m'kabati. Mu 2017 komiti ya aphungu inabweranso ndi malangizo ena okhwimitsa zinthu, nduna yoona za apolisi n'kukana ambiri mwa iwo. Alenje ndi alimi amavota, ndipo anali ndi mabungwe odziwa kulankhula. Anthu omwe anadzafa mu 2019 panthawiyo analibe owalankhulira, poti palibe ankadziwa kuti adzakhala iwowo.

Mpata wa magazini

Pa zinthu zisanu zija, chimodzi chokha ndicho chinali ndi mano: magazini. Munthu wa magazini ya zipolopolo 7 amayenera kuima pafupipafupi kuti asinthe, ndipo mphindi imeneyo ndi yomwe ena amathawira kapena kumugwira. Wa magazini ya 30 kapena kuposa saima.

Koma nayi nkhani yomwe ine imandizunguza mutu mpaka lero. Pansi pa lamulo la 1992, magazini payokha sinkawerengedwa ngati chinthu chofuna laisensi. Aliyense ankatha kugula magazini yaikulu, ngakhale wopanda pepala lililonse. Mlandu unkayamba pokhapokha ukailowetsa mu mfuti ya gulu A, chifukwa nthawi yomweyo mfutiyo inkasanduka MSSA, iwe ulibe chilolezo cha E. Ndiye kuti mfuti unagula mwalamulo, magazini unagula mwalamulo, ndipo chokulepheretsa kuziphatikiza chinali chikumbumtima chako basi. Lamulo lotere limagwira munthu woopa lamulo yekha. Munthu yemwe wakonzeka kupha sangaope mlandu wa magazini.

Mu 2017 mnyamata wina wa ku Australia anasamukira ku Dunedin. Sindimutchula dzina. Jacinda Ardern, yemwe anali nduna yaikulu panthawiyo, anakana kulitchula ponena kuti chomwe munthuyo ankafuna ndi kutchuka, ndipo ine ndikugwirizana naye. Mu Novembala chaka chomwecho analandira laisensi wamba ya gulu A. Anayamba kugula mfuti, zina pa intaneti, kuphatikizapo za mtundu wa AR-15. Anagulanso magazini zikuluzikulu. Analowa kalabu ya owombera n'kumakayeserera poyera.

Nanga laisensiyo anaipeza bwanji, mlendo wongofika kumene? Lamulo linkafuna anthu awiri omuikira umboni, mmodzi wachibale wapafupi, wina womudziwa bwino. Komiti yapadera yomwe inafufuza nkhaniyi, ndipo lipoti lake linatuluka mu Disembala 2020, inapeza kuti apolisi sanatsate bwino ndondomeko yawo. Mchemwali wake sanavomerezedwe poti ankakhala kunja kwa dzikolo. M'malo mwake mboni inakhala mnzake yemwe ankadziwana naye makamaka kudzera m'masewera a pa intaneti, ndipo mboni yachiwiri inali kholo la mnzakeyo. Inu amene muli ndi anzanu a pa PUBG omwe mumacheza nawo usiku wonse, dzifunseni: mungalumbire pamaso pa wapolisi kuti mumadziwa zomwe zili mumtima mwawo? Mumadziwa mawu awo ndi dzina lawo la m'masewera. Kwinako n'kongoganizira.

Lachisanu pa 15 Malichi 2019, nthawi ya mapemphero a masana, analowa mumzikiti wa Al Noor mumzinda wa Christchurch, kenako anapita ku Linwood Islamic Centre. Anthu 51 anafa, wamng'ono kwambiri anali mwana wa zaka zitatu. Ambiri anali anthu obwera, ochokera ku Pakistan, India, Bangladesh, Somalia, Afghanistan, Syria ndi maiko ena, ena mwa iwo othawa nkhondo omwe ankaganiza kuti afika pamtendere. Mu Ogasiti 2020 khoti linamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse popanda mwayi wodzatuluka, chilango chomwe chinali chisanaperekedwepo m'dzikolo.

Pali mbali ina yomwe ikukhudza foni yomwe mwagwirayo. Wachiwembuyo anamangirira kamera pachipewa n'kuonetsa zonse pa Facebook zikuchitika, kwa mphindi pafupifupi 17. Anajambula mwadala kuti zioneke ngati masewera aja, mpope wa mfuti uli kutsogolo kwa sikirini. Facebook inanena kuti m'maola 24 oyamba inachotsa makope 1.5 miliyoni a vidiyoyo. Inafalikiranso pa WhatsApp, kumene kulibe woichotsa. Ku New Zealand kusunga kapena kutumiza vidiyo imeneyo ndi mlandu, ndipo alipo omwe anamangidwa chifukwa cha icho. Kuno timakonda kutumizirana zithunzi za ngozi ndi mitembo m'magulu, ati "mwaona izi?" Aliyense amene anatumiza vidiyo ija anamugwirira ntchito wachiwembuyo mwaulere.

Masiku 26

Zomwe zinakanika kwa zaka 22 kuchokera pa lipoti la Thorp zinatheka m'masiku 26. Pa 21 Malichi Ardern analengeza kuti mfutizi ziletsedwa. Pa 10 Epulo Nyumba ya Malamulo inavomereza ndi mavoti 119 kwa 1. Yemwe anakana yekhayo anali David Seymour wa chipani cha ACT, yemwe anati lamulolo likuthamangitsidwa mopitirira muyeso.

Lamulo latsopanoli linasiya kuyang'ana zovala. Linafunsa funso limodzi: kodi mfutiyi imachita chiyani? Semi-automatic zonse zazitali zinaletsedwa, kupatula ting'onoting'ono ta .22 tokhala ndi magazini yosapitirira zipolopolo 10, ndi mfuti zina za mbalame, zomwe kwathu timati chifefe, zosapitirira zipolopolo 5. Magazini zikuluzikulu zinaletsedwa pazokha, ngakhale zili m'kabati popanda mfuti. Anasiya kampata kochepa kwa anthu monga omwe ntchito yawo ndi kupha nyama zowononga, ndi osunga mfuti zakale, koma pa chilolezo chapadera.

Kenako boma linatsegula thumba. Kuyambira Julayi mpaka pa 20 Disembala 2019, eni mfuti ankapita nazo kumalo omwe apolisi anakonza, n'kulandira ndalama. Mfuti pafupifupi 56,000 zinaperekedwa, ndipo boma linalipira madola a New Zealand pafupifupi 100 miliyoni. Yerekezani ndi MSSA zomwe zinali m'kaundula chiwembu chisanachitike, zomwe zinali pafupifupi 15,000. N'zoona kuti mwa 56,000 zija munali mitundu inanso yomwe lamulo latsopano linaletsa, koma kusiyanako kukuonetsabe kuchuluka kwa mfuti zomwe zinkabisala pansi pa dzina la gulu A boma osazidziwa. Ndipo poti kunalibe kaundula, palibe angawerenge kuti zomwe sizinabwere n'zingati. Kaundula wa mfuti zonse, yemwe Thorp anapempha mu 1997, anayamba kugwira ntchito mu Juni 2023.

Eni mfuti ali ndi madandaulo awo, ndipo si onse opanda pake. Amati anthu 250,000 analangidwa chifukwa cha mlendo mmodzi yemwe apolisi eni ake anamupatsa laisensi mosasamala. Amati magulu a zigawenga sanapite kukapereka mfuti zawo, anapita ndi anthu omvera lamulo okha. Zonsezi n'zoona. N'zoonanso kuti ngakhale ku America, anthu ambiri ophedwa ndi mfuti amaphedwa ndi pisitolo, osati AR-15. Amene akuganiza kuti kuletsa carbine kuthetsa umbanda akudzinamiza. Koma ine ndimaona kuti lamuloli silinapangidwire wakuba wa usiku. Linapangidwira tsiku limodzi loipa, pomwe munthu mmodzi walowa m'chipinda chodzaza anthu, ndipo funso n'lakuti aphe angati asanaime kusintha magazini. Pa funso limenelo, kusiyana kwa 7 ndi 30 ndi miyoyo ya anthu. Mlenje wa gwape yemwe akufuna zipolopolo 30 kuti agwetse nyama imodzi, vuto lake si lamulo, akaphunzire kulozetsa.

Nanga kuno kwathu?

Wina anena kuti izi n'za azungu, ife zikutikhudza pati? Tiyambe ndi ku Joni, komwe pafupifupi banja lililonse lili ndi wachibale. South Africa ili ndi lamulo la Firearms Control Act la mu 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004, ndipo pa nkhani ya dzina iwo anayang'ana ntchito ya mfuti kuyambira pachiyambi. Automatic ndi yoletsedwa kwa munthu wamba. Semi-automatic yaitali ili m'gulu la mfuti zoikidwa malire: kuti uipeze podziteteza uyenera kuonetsa kuti pisitolo kapena chifefe sizingakukwanire, ndipo laisensi yake ndi ya zaka ziwiri zokha. Njira ina ndi ya alenje ndi ochita masewera owombera omwe ndi mamembala a mabungwe ovomerezeka. Usanapemphe laisensi iliyonse umafunika satifiketi yosonyeza kuti ndiwe woyenera kugwira mfuti, ndipo imeneyo amapatsa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo yemwe ndi nzika kapena ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Ndiye achimwene omwe muli ku Johannesburg kapena Cape Town pa pasipoti chabe, wina akakuuzani kuti akupezerani "chitsulo" chodzitetezera ndi mapepala ake, dziwani kuti akukugulitsani zaka za m'ndende.

Pamapepala lamulo la South Africa ndi labwino kuposa lomwe New Zealand inali nalo mu 2019. Koma dzikolo lili ndi anthu ophedwa ndi mfuti ochuluka kwambiri tsiku lililonse. Chimodzi mwa zifukwa zake chinaonekera pa mlandu wa Colonel Christiaan Prinsloo, wapolisi wamkulu yemwe mu 2016 analamulidwa kukhala m'ndende zaka 18. Mfuti zomwe anthu anapereka kapena zomwe apolisi analanda kuti zikaphwanyidwe, iye ankazitulutsa pakhomo lakumbuyo n'kuzigulitsa. Zinali pafupifupi 2,400, ndipo zambiri zinakathera m'manja mwa magulu a zigawenga a ku Cape Flats, komwe zinapha anthu ambirimbiri, ena mwa iwo ana.

Ku Malawi kuno mfuti zankhondo sizinabwere kudzera m'sitolo. Zinabwera ndi mbiri. Nkhondo ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992, inasiya ma AK-47 ambirimbiri m'tchire ndi m'midzi ya m'malire, ndipo dziko lathu linasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Akuluakulu a ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza akhoza kukufotokozerani za nthawi imeneyo. Mpaka lero AK ili pa mbendera ya Mozambique. Mu Disembala 1993 asilikali athu anachita Operation Bwezani, kulanda zida za a Malawi Young Pioneers, ndipo ena mwa apayoniyawo anathawira ku Mozambique. Kuyambira mu 1995 apolisi a South Africa ndi Mozambique ankayenda limodzi pa Operation Rachel kufukula ndi kuphwanya zida zobisidwa, pomwe mipingo ya ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inkasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera.

Lamulo lathu la mfuti, Firearms Act, ndi la m'zaka za m'ma 1960, nthawi ya Kamuzu, ndipo laisensi imachokera kupolisi. Linalembedwa kulibe kugula katundu pa intaneti, kulibe makampani a alonda ochuluka ngati lero, kulibe makontena a katundu wochokera ku Dubai ndi China odzaza m'madoko owuma. Tsiku lomwe aphungu athu adzakhale pansi kulikonzanso, adzakumana ndi chiganizo chomwe chija chomwe chinawavuta a ku Wellington mu 1992. Ine ndikanakonda adzafunse mafunso atatu omwe New Zealand inawaphunzira pamaliro: mfutiyi imadzilowetsera yokha chipolopolo kapena ayi, magazini yake imalowa zingati, ndipo amene akumuikira umboni wopemphayo amamudziwadi? Ndipo chifukwa cha nkhani ya Prinsloo, awonjezerepo lachinayi: mfuti zomwe zili m'nkhokwe za boma, amaziwerenga ndani, kangati pachaka?

Ku New Zealand komweko mkangano sunathe. Pa chisankho cha 2023 chipani cha Ardern chinagonja, ndipo ACT, chipani cha phungu mmodzi yekha uja amene anavota kukana, chinalowa m'boma la mgwirizano. Udindo woona za malamulo a mfuti unaperekedwa kwa Nicole McKee, mayi yemwe mu 2019 anali mneneri wa bungwe la eni mfuti ndipo ankatsutsa poyera lamulo la Ardern. Ntchito yomwe anapatsidwa ndi yolembanso lamulo lonse la mfuti la 1983 kuchokera pachiyambi.